Likongwe Akana Msonkho wa Chulu

Padangokhala. Ndati padangokhala, inu mukungondiyang'ana. Pakamwa mwasiya kunyumba kodi? Eya, tili tonse. Tsono tiyende.

Padali chulu chachikulu, chakale kuposa agogo a aliyense wokhalamo. Chidali ndi mauna makumi awiri, ndipo una uliwonse udali ndi mwini wake. Wina adagula, wina adasiyiridwa ndi amalume ake, wina adangokwatiramo n'kukhazikika. Pansi penipeni pankakhala Chiswe, omanga chulucho, pamodzi ndi mayi wawo Manthu. Eni mauna ankangomumva dzina Manthuyo, palibe adamuonapo.

Lamulo la pachulupo lidali limodzi. Mwezi ukangooneka, mwini una aliyense ankatula mtolo wa udzu wouma pa dzenje lotsikira kwa Chiswe. Wolandira adali Ng'anzi, kapitawo wa chulu, buluzi wamkulu wosakonda zolankhulalankhula. Iye sankayeza ndi maso. Ankazunguliza mchira wake pamtolo, ndipo nsonga ya mchira ikapitirira, ndiye kuti mtolo wachepa, mwini wake abwerere kutchire. Ukakwana ankaukankhira m'dzenjemo, ndipo pansi pankayamba nyimbo.

Nyimbo yake idalibe woyambitsa, idalibenso ng'oma. Inkamveka ngati mvula ikadali kutali, ndipo wofuna kuimvetsa ankachita kugunditsa khutu pakhoma. Mawu ake adali ochepa, obwerezabwereza. Ankanena za kulandira kwa amene ali pansi pako, kupatsira amene ali pamwamba pako, osafunsa kuti akamwe ndani. Eni mauna adaizolowera mpaka ambiri adasiya kuimva.

Una wapamwamba pa onse udali wa Likongwe. Mumamudziwa inu, uja amakutherani anapiye dzuwa likuswa mtengo. Nzeru adali nazo, pamenepo sindingamunamizire, koma zidali nzeru zofunafuna pozembera. Tsiku lina adafunsa mkazi wake.

"Mayi, kodi Chiswe mudamuonapo akugwira ntchito m'nyumba muno?"

"Sindidamuonepo."

"Nanga udzu wathu umapita kuti?"

"Kumene umapita wa anzathu. Kamweteni, bambo, mwezi waoneka."

Likongwe adapitadi, koma adadzera pamene adadyera nkhuku dzulo lake. Adaunjika nthenga zonse, n'kuzikuta ndi udzu pang'ono kunja kwake. Mtolo udatuluka wonenepa, wosiririka, ndipo adaunyamula akubuula ngati khosi lithyoka.

"Mwadzuka bwanji, a Kapitawo? Mchira uli bwino?"

Ng'anzi adazunguliza mchira, nsonga yake siidakumane n'komwe. "Mwezi uno mwachita khama, a Likongwe."

"Timayesetsa, a Kapitawo."

Mtolo udagwera m'dzenje, nyimbo idayamba. Likongwe adagunditsa khutu pakhoma, akuyembekeza kuti ikafika pakati iduka, pamveke mkangano. Siidaduke. Idaimbidwa yonse monga mwa masiku onse, ndipo zimenezi zidamudabwitsa pang'ono. M'mawa mwake nthenga zija zidapezeka pakamwa pa dzenje zitasanjidwa bwinobwino, zazitali pazokha, zazifupi pazokha, popanda mawu alionse. Ng'anzi adaziyang'ana nthawi yaitali. Kuyambira tsikulo mtolo uliwonse ankayamba waulasa ndi lilime lake lamphanda, kuti alawe za m'kati.

Mwezi wotsatira Likongwe adabwera ndi mtolo weniweni, udzu wokhawokha. Ng'anzi adayeza, adalawa, adakankha. Chimene sadaone ndi luzi lalitali lomangidwa kunsi kwa mtolo, litakwiriridwa m'fumbi mpaka kuseri kwa chulu. Kapitawo atangopita kukaothera dzuwa, Likongwe adakoka luzi. Mtolo udabwera wolemerako, adaugwedeza, tinthu tating'onoting'ono tidayoyokera pansi, iye sadasamale kuti n'tiyani. Nyimbo idangotsika pang'ono n'kukweranso.

Mtolo womwewo udalipa miyezi itatu. Koma wakuba dyera limamufulumizitsa. Mwezi wachinayi adakoka luzi Ng'anzi asanachoke, luzi lidakola mwendo wa kapitawo, ndipo Likongwe ali kuseri ankangoti lero mtolo walemera bwanji. Adakoka ndi mphamvu zake zonse. Chimene chidatulukira pangodya sudali mtolo, adali a Kapitawo eni ake ali chagada, mimba yoyera ili kumwamba, akukhukhuluzika pamaso pa chulu chonse. Eni mauna adaseka mpaka misozi. Ng'anzi sadaseke, adaitanitsa mlandu.

Onse atakhala pansi, Likongwe adaimirira, adaomba m'manja mwaulemu.

"Ine sindikukana kuti ndidalakwa. Koma ndisanalipe, wina andiuze chimene ndikulipira. Una ndi wanga, ndidagula ndekha. Ndimasesa ndekha. Pakhomo pakagumuka ndimakonza ndekha. A Finye, inu mumakhala pansi, pafupi ndi eni akewo. Chiswe mudamuonapo m'nyumba mwanu?"

Finye adali chule wamasiye wa miyendo yaifupi, amene mtolo umodzi unkamutengera masiku asanu kuti aukwanitse. "Sindidamuonepo," adatero, "koma ndimagona bwino."

"Kugona bwino n'kwa tulo tanu, mayi. A Kapitawo, udzu wathu umagwira ntchito yanji?"

"Tidazipeza choncho."

"Inenso ndidapeza mabowo. Khoma langa timabowo, pansi timabowo, kudenga timabowo. Nthawi yachisanu mphepo imachita kuimba mluzu m'nyumba mwanga. Zaka zonsezi ndikutula udzu, omanga alipo, koma palibe adabwera kudzamata ngakhale bowo limodzi. Tsono wakuba ndani apa?"

Kunena zoona, ine ndikadakhalapo ndikadamuombera m'manja. Aliyense adakumbukira timabowo ta m'nyumba mwake.

Pamenepo m'dzenje mudatuluka Gang'a, msilikali wa Chiswe, wa mutu wofiira ndi mano otanuka. Adaima pamthunzi wa pakamwa pa dzenje, sadapitirire.

"Amayi amva. Akuti mwini una wapamwamba akufuna chiyani?"

"Mumate mabowo anga, ndipo mundichotse pa msonkho."

"Onse?"

"Onse."

"Ndi a kudenga omwe?"

"Makutu muli nawo? Ndati onse."

Gang'a adatsika, adakhalitsako, adabwereranso. "Amayi akuti ndifunse kachitatu, kuti mawa pasadzapezeke wonena kuti sadafunsidwe. Onse?"

"Onse," adatero Likongwe, akuyang'ana anzake ndi maso a munthu wopambana.

Tsiku lomwelo nyimbo ija idakwera m'makoma mpaka pamwamba. Likongwe adali asanaimvepo pafupi chotero. Omata sadaoneke, ankamata ali m'kati mwa khoma, ndipo timabowo tinkangotsekeka kamodzikamodzi. Mkazi wake adali woyembekezera. Adaika dzanja pa bowo lomaliza, adalisiya pomwepo mpaka mpweya udaleka kumuomba, kenaka adakagona.

Miyezi yozizira Likongwe adanenepa nako kudzitama. M'nyumba mwake mudali mofunda, udzu samweta, mwezi ukaoneka ankakhala pakhomo pake n'kumalonjera anzake akusenza. Ena adayamba kunong'onezana kuti mwina mnzathuyu waona patali.

Kenaka chilimwe chidafika, nyenje zidayamba kulira, ndipo mkazi wa Likongwe adachira, ana atatu. Tiana take tosaona, topanda ubweya wokwanira. Tsiku loyamba m'nyumba mudatentha, koma adapirira. Lachiwiri khoma lidayamba kuotcha msana. Lachitatu ana adasiya kuyamwa, adangoti kukamwa yasa, timimba tikugunda.

"Bambo, muno mulibe mpweya," adatero mkazi. "Tikupuma womwe tidapuma dzulo."

"Tiwatsitsire kwa a Finye."

Mkazi adaluma mwana mmodzi pakhosi, adatulutsa mutu pakhomo. Mthunzi udadutsa, zikhadabo zidakanda pamene padali mutu wake, ndipo adabwerera chafutambuyo. Kabawi adali atamva kale fungo la ana, ndipo ankazungulira pamwamba pa chulu tsiku lonse. Iye akapita kukagona ankalowa m'malo ndi Kadzidzi. Likongwe ali yekha akadatha kuthamanga, koma ndi mwana kukamwa palibe akadafika pansi.

Adayamba kukanda pamene padali mabowo. Adakanda mpaka zala zidatuluka magazi, khoma osasintha. Dongo la Chiswe likauma ndi mwala.

"Pitani kwa eni ake," mkazi adatero.

"Ndikanena chiyani?"

"Pakamwa muli napo. Si pomwe padatifikitsa pano?"

Likongwe adadikira Kabawi atembenuke, adaliyatsa liwiro mpaka pa dzenje. Agang'a adali atandanda pakhomo, mano ali m'mwamba.

"Ndikufuna kuonana ndi Amayi."

"Muno mumalowa udzu wokha."

"Anditumizira mawu kuti ndibwere."

"Amayi akatumiza mawu amatuma ife. Muno mumalowa udzu wokha."

"Ana anga akufa."

Gang'a uja wa tsiku la mlandu adatsitsa mutu pang'ono. "Tamva chisoni. Koma sitidalowetsepo chaubweya chiyambire. Muno mumalowa udzu wokha."

Likongwe adachoka, adalowa kwa Finye. Atangolowa adaima. M'nyumbamo mudali mozizira, khoma lili lonyowa, kamphepo kakutuluka m'timabowo n'kumamuomba m'ndevu. Kunja nthaka ikuotcha mapazi, muno ngati pansi pa mtsuko. Pangodya padali mtolo wa Finye wa mwezi wotsatira, masiku ake asanu a ntchito.

"Mayi, ndibwerekeni udzu uwo. Mundimange m'kati mwake."

"Inu amene mudandifunsa mafunso pabwalo?"

"Ndine ndemwe."

Finye adamuyang'ana zala zamagazi zija. "Ana angati?"

"Atatu."

"Gonani apa. Mchira mupinde."

Adamukuta, adamumanga, adamugubuduza ndi timiyendo take mpaka kwa Ng'anzi. Kapitawo adadabwa kuona mtolo mwezi usanaoneke, koma adazunguliza mchira. Adalasa lilime m'kati, adalibweza, adalasanso.

"A Finye, mtolo wanu ukupuma."

"Ndi udzu wa chaka chino, a Kapitawo."

Ng'anzi adakweza maso kuyang'ana Kabawi akuzungulira, adayang'ananso mtolo. "Wakwana," adatero, n'kuukankhira m'dzenje.

Likongwe adagwa, koma sadamenyetseke. Adalandiridwa ndi timanja tosawerengeka, ndipo mtolo udayamba kuyenda wokha. Nyimbo idayamba. Abale anga, kuimvera pakhoma ndi kwina, kukhala m'kati mwake ndi kwina. Idachokera pansi, m'mbali, pamwamba, idalowa m'mafupa, mpaka mtima wake udayamba kugunda motsatira iyo. Adapatula udzu ndi mphuno, adasuzumira. Maso atazolowera mdima, adayamba kuona.

Poyamba adaona kumene udzu umapita. Sunkadyedwa ayi, unkalimidwa. Chiswe ankautafuna, n'kuumanga ngati zisa za njuchi, chipinda ndi chipinda, ndipo pazisazo pankamera tibowa toyera mbee. Antchito ankadutsa, aliyense n'kubudula kamodzi, n'kupitirira osaima. Minda ina idali yodzaza. Umodzi udali wouma, wopanda kanthu, ndipo Likongwe sadafune kufunsa kuti udali wa mitolo ya yani.

Atatsikanso adamva mphepo. Idali kuchokera pansi, yozizira, ikukwera m'njira zazikulu zimene zinkagawika kukhala zazing'ono, zazing'onozo n'kugawikanso. Pa mphambano iliyonse padali fungo lake. Apa ndi kwa Finye. Apa ndi kwa Ng'anzi. Apa ndi kwa Mbewa, mtedza ukununkhira. Chulu chonse chinkapuma ngati chifuwa cha munthu mmodzi, ndipo Chiswe adali ponseponse, apa akukulitsa njira, apo akuichepetsa, kuti aliyense alandire mpweya womukwanira. Njira imodzi yokha, yolunjika pamwamba, idali yomatidwa.

Atatsika kachitatu adaona chitsime. Chidali chopapatiza, koma pansi pake sipankaoneka. Mzere umodzi wa Chiswe unkatsika chimanjamanja, wina unkakwera, aliyense ali ndi dontho limodzi la madzi kukamwa. Mwezi umenewo mitsinje idali itaphwa, anthu akukumba mchenga, koma awa adali atatsika mpaka adawapeza madzi kumene adabisala. Wokwera akatopa ankapatsira dontho lake kwa wapamwamba pake, uyonso kwa wina, mpaka dontho likafike pakhoma la munthu amene sadzamuona n'komwe. Wina ankagwa, malo ake ankatsekedwa pomwepo, nyimbo osaduka. Pamenepo Likongwe adamva chimene nyimbo ija idakhala ikunena zaka zonsezi. Mantha adamugwira, koma sadali mantha ofuna kuthawa.

Mtolo udaima pa chipinda chokhala ndi makomo ang'onoang'ono. M'katimo mudali Manthu. Adali wamkulu koti sakadatha kutuluka pa khomo lililonse la nyumba yakeyo, woyera, thupi lake likukwera n'kutsika, antchito akumupukuta ndi kumudyetsa. Ankaikira mazira osalekeza, ngakhale polankhula.

"Masulani mtolowo," adatero. "Muli mlendo."

Likongwe adatuluka, adagwada, mphuno idagunda pansi. "Mwadziwa bwanji, Amayi?"

"Mpweya wonse wa chulu chino umadutsa pakhungu langa. Ndikudziwa kuti Finye ali ndi chifuwa chimene sauza munthu. Ndikudziwa kuti kwa Mbewa kwabadwa ana asanu ndi mmodzi. Kwanu kokha ndiko sindidziwa kanthu. Mkazi wako adachira?"

"Adachira, Amayi. Ana atatu. Akufa ndi kutentha."

Mazira ankagwabe.

"Bwanji simudandiuze ntchito ya mabowo aja?" adafunsa Likongwe.

"Ndidakufunsa katatu. Iwe sudandifunse ngakhale kamodzi. Unkafunsa anzako amene sadziwa, chifukwa sunkafuna yankho, unkafuna kupambana. Miyezi ija ya nthenga ndi luzi, madzi adasiya kufika kwanu?"

"Sadasiye."

"Otungira khoma lako ankadya za m'munda wa Finye. Chulu chino si mauna makumi awiri, mwanawe. Ndi nyumba imodzi ya makomo makumi awiri."

Likongwe adalira. Sindinama, adalira ndithu, ndipo kudali koyamba kulira kosafuna kupusitsa nako munthu. "Tsegulani, Amayi. Chonde."

"Tikayambira m'kati ndi masiku anayi. Udati onse, tidamata ndi mtima wonse."

"Masiku anayi ana safika."

"Ndikudziwa. Tikayambira kunja, pamwamba pa denga lako, titha kuboola dzuwa lisanapendeke kwenikweni. Dongolo limafuna kulinyowetsa dontho ndi dontho. Koma ana anga khungu lawo n'lofewa. Dzuwa la mwezi uno likawaomba amauma asanatule dontho loyamba."

Apa mutu wa Likongwe udadzuka. "Chowapha ndi kunja, kapena ndi dzuwa?"

"Ndi dzuwa."

"Ndipatseni ana anuwo. Mthunzi ndiupeza."

Adalonjeza asanadziwe kuti aupeza kuti, monga mwa chizolowezi chake. Manthu adatembenuzira mutu wake waung'ono kwa iye. "Ukasuntha kamodzi, ndataya chikwi. Ukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa."

"Pita. Akakupeza pamwamba."

Adatuluka pa dzenje dzuwa lili pamutu. Mitengo idali itayoyola masamba, udzu wa Finye udali utalowa kale m'minda, ndipo nthawi yofunafuna padalibe. Adakwera pachulu. Chapafupi ndi denga lake padatseguka kabowo, pamene Chiswe adatulukira kuchokera m'njira ya mpweya ya una woyandikana nawo. Kuchoka pakabowo kufika pakati pa denga padali kamtunda kotalika ngati mchira wake. Likongwe adayang'ana kamtundako, adayang'ana mchira.

Adaima ndi miyendo inayi pamwamba pa denga, adakweza mimba pang'ono kuti pansi pake pakhale malo, ndipo mchira adautambasula mpaka nsonga yake idaphimba kabowo. Chiswe adatuluka. Adayenda pansi pa mchira, mzere wopita ndi mzere wobwera, aliyense ndi dontho lake, ndipo nyimbo idayamba pansi pa mimba yake.

Dongo lidamuotcha mapazi. Msana udayamba kuwawa ngati authira madzi owira. Sadasunthe.

Mthunzi udatsika, mapiko adaomba fumbi, ndipo Kabawi adatera pafupi ndi mutu wake.

"Likongwe. Wabwera wekha kudzandipatsa nkhomaliro?"

Likongwe adatulutsa lilime, adatembenuza maso. "Idyani, achimwene, mundithandize. Ndikufa pang'onopang'ono."

"Ukufa ndi chiyani?"

"Ndadya khoswe amene anthu adamuthirira mankhwala. M'mimba mwavunda kale. Suzumirani pansi panga, muone. Chiswe wayamba kundidya ndikadali moyo."

Kabawi adaweramitsa mutu. Adaona Chiswe ali wirira pansi pa mimba, ena akulowa, ena akutuluka, akunyamula zonyowa kukamwa. Adabwerera m'mbuyo.

"Nanga ana ako?"

"Adayamwa mkaka wa mayi wawo, amenenso adadyako. Akununkha kale. Lowetsani mlomo pakhomopo mumve."

"Ifa wekha," adatero Kabawi, ndipo adauluka osayang'ananso m'mbuyo.

Bodza limeneli ndi lokhalo pa mabodza onse a Likongwe limene ine ndimalilemekeza. Koma Kabawi atapita, dzuwa lidatsala. Lidasuntha pang'ono, mthunzi wa mchira nawo udasuntha, ndipo kunsonga, kumene mchira uli wowonda, Chiswe adayamba kugwa. Ankangoima, dontho lili kukamwa, n'kupinda miyendo. Wam'mbuyo ankatenga dontholo n'kupitirira. Likongwe adaona ndi kona ya diso. Adaimika ubweya wa kunsongako kuti utambasuke, adaupendeketsa kuti ulandire dzuwa lonse, ndipo posakhalitsa adamva fungo la ubweya ukupserera.

Pansi pa denga padamveka mawu a mkazi wake, ofowoka. "Bambo, muli pamenepo? Wamng'onoyu wasiya kulira."

Thupi lonse lidamuuza kuti adumphe, alowe m'nyumba. Adaluma mano. "Ndili pano, mayi. Munyambiteni. Musasiye."

"Onse atatu angoti chete."

"Musasiye."

Nyimbo siidafulumire, siidachedwe. Likongwe adafuna kuwakalipira kuti achite changu, koma adaona kuti palibe amene akuyenda pang'onopang'ono, palibenso amene akuyang'ana kumbali. Adatseka maso, adayamba kuimba nawo chamumtima, ndipo kuyambira pamenepo sadadziwenso kuti papita nthawi yaitali bwanji.

Chidamudzutsa ndi mpweya wotentha umene udamuomba pamimba ngati wavundukula chophika. Denga lidaboka. Chiswe adakhuthukira m'nyumba, adathamangira pa mabowo a pansi, anzawo akukumba kuchokera kunsi, iwo kuchokera kumwamba, m'mthunzi tsopano. Mpweya wotentha udapitirira kutuluka. Kenaka udasintha. Udabwera wozizira, wochokera pansi penipeni, ukununkhira dothi lonyowa ngati tsiku la mvula yoyamba, udadutsa m'nyumba yonse n'kutulukira pamimba pake.

Likongwe adatchera khutu. M'nyumba mudali zii.

Kenaka kamodzi kadalira. Kachiwiri kadayankha. Adadikira, akumvetsera mpaka makutu kuwawa. Padapita nthawi yoti munthu angayambe kukonza mawu okauza abale. Ndiye kachitatu kadatsokomola, kadatsokomolanso, n'kuyamba kulira mokwiya kuposa anzake onse.

Sadachoke pomwepo. Adadikira mpaka Chiswe womaliza adalowa m'kabowo n'kumata pambuyo pake. Atanyamula mchira adapeza kuti kunsonga sakumva kanthu, ubweya wapserera wada bii. Pansi pamene padali nsongayo padagona mzere wa Chiswe ouma, ochuluka koti sadathe kuponda popanda kuwaponda. Adaima pomwepo akuwayang'ana. Palibe mmodzi wa iwo amene adawaonapo ana ake.

Madzulo ake adatsikira ku dzenje akutsimphina. Adapeza Gang'a pakhomo, adagwada.

"Kauzeni Amayi kuti onse atatu ali moyo."

"Akudziwa kale. Mpweya wafika."

"Tsono mukawafunse kuti ndilipe chiyani. Anene chilichonse. Mitolo khumi mwezi uliwonse, una wanga, ine ndemwe. Ana awo afera panja chifukwa cha ine."

Gang'a adatsika. Likongwe adadikira mutu uli pansi, akukonzekera kumva chachikulu. Msilikali adabwera.

"Amayi akuti mwezi ukaoneka, mtolo umodzi, monga anzanu."

Nsonga ya mchira ija siidayerenso, ndipo ana atatu aja atakula adabala ana a nsonga zakuda, mpaka lero. Mukadzamuona Likongwe akudumpha njira, mchira uli m'mwamba, muyang'ane kumapeto kwake, mudzandivomereza. Nthano yathera pamenepo. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaione msanga, ine ndamva kale kununkha.